Nambala ya Puloti

Ntchito yanga ndi kuwerenga mamita a madzi,
koma akatumba anga amawerenga agalu.
Zaka khumi ndi chimodzi ndikugogoda mageti a Mzuzu,
chifunga chitakuta Kaning'ina, jekete itanyowa ndi mawawa,
zipsera zinayi zandidinda ngati malisiti.

Cha lerochi n'chachisanu.

"Ndi mtundu wake," akutero a Kanyinji,
uku akundipatira ya thiransipoti m'manja.
"Magazi achizungu. Agogo ake ankalondera migodi ku Joni."
Ndangoti eya.
Anga magazi akuyenderera mu sokosi.

Koma make wa galuyu ndinkamudziwa.
Wachikuda, nthiti zili pamtunda,
ankagona pansi pa okala ya NyaMsiska ku Chibavi,
kunyambita mitu ya usipa, ana akumukwera pamsana.
Anaswa asanu mu Juni. Atatu anapita ndi chisanu.

Mmodzi anatengedwa ndi Vitumbiko wakabaza
mu katoni ya sopo mpaka ku Mchengautuwa.
Ameneyo ndikafika amandiperekeza pa mita,
kununkhiza bolopeni, kuyasamula,
mchira ukusesa bwalo ngati wamva za malipiro.

Winayo ndi uyu.
Kakhola ka malata, kopanda zenera, kuseri kwa thanki.
Dzuwa amangolimva kutentha, sanalionepo likutuluka.
Gadeniboyi anandinong'oneza tsiku lina:
mavu osinja m'phala, tsabola wa kambuzi,
ndodo pa malata m'mawa uliwonse
kuti asaiwale zoti kunja kuli adani.

Nkhani ikanathera apa, mlandu ukanaphweka.
Koma popereka ndalama ija
dzanja la a Kanyinji ndaliona: zala zitatu basi.
Zikwanje za chaka chija, usiku wa mvula,
anakuwa mpaka mawu kusasa,
Katoto yense anangozimitsa magetsi.
Chiyambire pamenepo tulo sawaona.
Anafuna china choti chizikuwa m'malo mwawo,
choti anthu azichimva.

Ndiye wandiluma ndani?
Galu, mwini wake,
kapena anyamata aja amene mpaka lero sanagwidwe,
mwina akumwa tiyi ku depoti?

Ndisanamenso ayi:
wa Vitumbiko uja, wofatsa uja,
chaka chatha atabereka anandionetsa usinini wonse.
Ndinaima pamsewu, manambala ndinangopeka.
Mano ali nawo onse awiri.
Kusiyana kwake, wina anawasunga pa chifukwa,
wina anauzidwa kuti chifukwa ndi aliyense.

Ku chipatala nesi akukoka jekeseni wa chiwewe.
Sakundiyang'ana, akudzaza fomu:
"Galu wa mtundu wanji?"

Ndaganiza za okala ija,
za katoni ya sopo pa keriyala,
za mdima wa m'malata umene ukuwira panopa,
wina ali m'katimo akupuma wefuwefu,
akulawabe thalauza langa.

Ndamuuza nambala ya puloti.