Chiwongolero cha ku Valparaíso

Lachitatu chinayamba kukokera kumanzere
ngati mbuzi yaona msipu.
Ndikakhota pamtsetse wa Cerro Alegre
pansi pankati gu, gu,
buledi n'kumagubuduka m'mabasiketi kumbuyo.

Kugalaja yoyamba anati ndi matayala.
Ndinagula awiri. Chinakokabe.
Kwachiwiri anati ndi pampu,
natchula mtengo wa lendi ya miyezi iwiri
osagwada n'komwe kuti asuzumire.

Eleodoro sanachuluke mafunso.
Anaikweza pa jeke,
nagwira tayala uku ndi uku
ngati masaya a mwana wodwala,
naligwedeza.
"Tamvera, Nolfa."
Ndinamva: khwe, khwe.
Kalabala ka tayirodi kanang'ambika kalekale,
girisi anathawa,
mchere wa m'nyanja n'kulowa
kumadya chitsulo mwakachetechete.

Anandiikira kachitsulo kothako m'manja,
kakang'ono ngati chala changa chachikulu.
Kameneka kakanandiponya kudoko
pamodzi ndi kadzutsa wa mabanja makumi anayi.

Ndakasunga m'thumba la epuloni.
Lero galimoto ikutsika mowongoka,
koma mkono wangawu ukukokerabe kumanja.
Sunamve kuti mkangano unatha.