Nyumba Makumi Anayi

Pempho langa loyamba linali la masamba makumi atatu
ndipo linkafuna kuchiza Tete yense,
kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara.
Mayi Ermelinda Chagunda, a ku ofesi ya kafukufuku,
analiwerenga fani ikutakasa mpweya wotentha womwewo,
kenako anavula magalasi.
"Aphunzitsi, ndalamayi ndi yambewu, si nkhokwe.
Funso lanu lili pati? Ndikufuna ndiligwire ndi chala."

Ndinaloza tsamba lachisanu. Anapukusa mutu.
Ndinaloza lina. Chimodzimodzi.
Nditatopa ndinangolankhula ngati munthu:
kuseri kwa njanji ku Moatize
ana amatsokomola usiku ngati nkhalamba zosuta chingambwe,
zovala zoyanika m'mawa amazianula zitada,
ndipo palibe anawerengapo kuti anawo ndi angati.
"Lembani zomwezo," anatero.
"Zinazo sungani, siziwola."

Masabata atatu cholembera chawo chofiira chinandisenga.
Anadula "mliri wosaneneka".
Anadula "dziko lonse lapansi".
Anandifunsa mtengo wa petulo wa njinga yamoto
kuwoloka mlatho, kupita ndi kubwera, kawiri pa sabata,
mtengo wa timabotolo ta makhololo,
malipiro a mnyamata womasulira Chinyungwe,
poti Chichewa changa cha ku Ulongwe
chimafika pakhomo koma sichilowa kuchipinda.
Ine wa madigiri awiri
sindinkadziwa kuti ayezi wa m'chikwama
amasanduka madzi usanawoloke Revubwe.

Tsiku lotseka, magetsi anathima dzuwa likupendeka.
Tinatumiza ndi foni yawo,
batire itatsala kamzere kamodzi,
mlonda akugwedeza makiyi pakhonde.

Yankho linadza masawu atayamba kufiira pamsika:
ndalama yoyesera, miyezi isanu ndi umodzi,
nyumba makumi anayi.
Ndinavina m'labotale, ophunzira akuonerera pawindo.

Makumi anayi.
Mayi wa nyumba yotsatira anaima pampanda wa malata akale,
mwana akupuma movutika kumsana,
nandifunsa: "Chifuwa chathu n'chosiyana ndi cha apo?"
Ndinayamba kufotokoza za kasankhidwe ka nyumba,
za malamulo, za bajeti.
Tomé sanamasulire.
Anangoyang'ana fumbi la pa nsapato zake.
Ndinalembera mayiwo kapepala ka kuchipatala,
koma pa fomu yanga panalibe bokosi lowaikamo.

Mwezi wachinayi, bambo Alfinete a nyumba yakhumi,
amene ankatisungira mpando wopanda mwendo umodzi
nkumati "wa madokotala ndi uwu",
sanatiyembekezere.
M'kompyuta mwanga iwo ndi kamzere
pakati pa manambala awiri.
Kamzereko ndinakayang'ana usiku wonse.

Tsopano ndikulemba pempho lalikulu
lopita kwa anthu amene sanalawepo malasha pa lilime.
Mayi Chagunda akuti, "Amenewo amamva manambala. Apatseni.
Nyumba makumi awiri ndi zitatu mwa makumi anayi
zili ndi mwana wopuma ngati mluzu.
Osawonjezera mchere. Nambalayo ikulira yokha."
Cholembera chawo chatsala pang'ono kuuma,
ndipo dzulo ndaona chodabwitsa:
tsamba lathunthu ladutsa osalandira bala.

Mwina adzatikana.
A chipinda choyandikana nane akanidwa katatu
ndipo makalatawo amachindikizira mwendo wa tebulo.
Komabe ayezi ndamuika kawiri,
petulo ndamuwerengera pa mtengo wa chaka chamawa,
Tomé ndamulemba ndi dzina la bambo ake.

Pa mzere wofunsa kuchuluka kwa nyumba
ndalemba mazana anayi.
Pa mzere wofunsa poyambira
afuna dzina la dera basi,
koma ine ndikudziwa mpanda wake,
lata lachitatu kuchokera pa mtengo wa mlambe,
lomwe lili ndi chibowo
poonera mwana.