Nambala ya M'khutu

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkagawa makalata mu Limerick muno,
ndipo agalu anandiluma katatu.
Chipsera cha pakatumba chikadalipo, chimayabwa kukazizira.
Ndiye mwana wanga Aoibhe atanditumizira fomu ija
ndinaseka mpaka tiyi kutayikira pathebulo.

Gulu lake silitola galu aliyense ayi.
Awo ndi a mtundu umodzi wokha:
aja a miyendo ngati ndodo, chiuno ngati cha mavu,
othamangitsidwa m'bwalo usiku anthu atabetcherana ndalama,
amene akangoyamba kutsalira m'mbuyo
dzina lawo limafufutidwa pabolodi.

Mafunso anadzaza masamba asanu.
Mpanda ndi wautali bwanji? Muli ndi mphaka?
Mumachoka pakhomo maola angati patsiku?
Apo ndinalemba kuti sindichoka.
Ndinafufuta.
Ndinalembanso zomwezo.

Loweruka kunabwera Mayi Gráinne Hartigan,
tepi yoyezera ili m'thumba la jekete.
Anayeza mpanda, anagwedeza geti,
anasuzumira pansi pa sinki pomwe ndinkasunga mankhwala a makoswe
nandiyang'ana duu mpaka ndinakawataya.
"Sitikupatsani galu amene mukufuna," anatero,
"tikupatsani amene angakupirireni."

Patatha milungu itatu anatsika naye m'vani.
Wakuda bii, wa imvi kukamwa, nthiti zochita kuwerenga,
atavala kajuzi koluka munthu wina amene sindidzamudziwa.
Gráinne anapinda khutu lake nandionetsa
zilembo zobiriwira zodindidwa pakhungu
ngati chidindo cha pa envelopu.
Ndinaziwerenga mokweza, chizolowezi cha ntchito.
Keyala panalibe.

Dzina lake la kumpikisano linali la mawu atatu,
lokomera wolengeza pa chimkuzamawu.
Ine ndinangomutcha Nuala.
Sanacheuke n'komwe.

Zaka zisanu ali padziko, masitepe anali asanawaonepo.
Anaima m'munsi mwake miyendo ili njenjenje.
Chitseko cha galasi anachigunda ndi mphuno kawiri.
Wailesi yakanema anaizungulira kumbuyo
kukafuna anthu olankhulawo.
Usiku woyamba analira kamodzi kokha,
kulira kopyapyala ngati ketulo yakutali,
ndipo ndinatsika ndi bulangete, ndi mawondo angawa,
n'kugona pasofa.
Pofika usiku wachinayi sofa anali atalanda iye,
ine pampando.

Amati amathamanga kuposa basi ya m'tauni.
Ndaona kamodzi kokha,
m'munda wotchingidwa wa mnzanga Cathal ku Cappamore.
Ndinamasula chingwe. Anaima, anandiyang'ana
ngati akufunsa kuti belu lili kuti,
chidole chaubweya chothawa pawaya chija chili kuti.
Kenaka dothi linangoti fwaa.
Anazungulira kawiri, wopanda chothamangitsa, wopanda womubetchera,
nabwera kudzatsamira pamwendo wanga,
wa chipsera womwewo,
mtima wake ukugunda mpaka m'fupa langa.

M'mawa uliwonse tsopano timadutsa njira yanga yakale,
m'mbali mwa Shannon, mvula ikuwaza monga mwa masiku onse.
Ndimadziwa geti lililonse lolira,
khomo lililonse limene linkalandira makalata a ngongole okhaokha.
Anthu amene zaka zonsezi ankangoona chikwama changa
lero amaima, amawerama, amafunsa dzina lake.
Langa sanafunsebe,
koma amaima.

Gráinne amaimba foni kumapeto kwa mwezi.
"Akudya? Mano ali bwanji?"
Ndimafotokoza zonse, mpaka za batala amene anaba pathebulo.
"Nanga inu?"
Apo ndimati foni ikuduladula.

Ikamakwana leveni koloko
mnyamata watsopano wa makalata amatsegula geti.
Ndinamuchenjeza kale kuti muno muli galu,
ndinamuonetsa ndi chipsera chomwe.
Nuala ali chagada pasofa, miyendo inayi m'mwamba,
lilime lili pambali,
satukula ngakhale khutu la nambala lija.

Wothamangira kuchitseko ndine.