Kaundula wa Madzulo

Ndili nawo makumi asanu ndi atatu kudza anayi,
madesiki makumi awiri,
ndi zenera lomwe galasi lake linapita ndi mpira chaka chatha.
Mphepo yochokera kumapiri imalowera pomwepo,
n'kukhala mzere wakutsogolo
ngati nayonso inalipira fizi.

Sindikuwa ayi. Ndinaleka kale,
mawu atandithera pakati pa teremu.
Phokoso likakula ndimaima pakati pa mizere,
n'kuyamba kuyankhula motsitsa
ngati ndikuulula chinsinsi cha wina,
makutu n'kutembenuka okha.
Dzinkambani, mwini ng'oma ya padesiki,
ndinamupatsa udindo wogawa makope:
manja onyamula katundu saimba.
Tsiku la msika pa Lizulu ndimadziwiratu
kuti mzere wakumbuyo wapita kukasenza kachewere,
ndiye magulu a mayina ndimawasungira mawa lake.

Chete ndimamudziwa nkhope.
Pali chete wa amene wamva,
chete wa njala, maso ali kukhomo,
chete wa wobisa chimanga chokazinga m'tsaya.
Ndiye pali chete wa Sekanawo, pakona paja,
amene chiyambire chaka
sanatukulepo mkono.
Ndinkati mwina mulibe kanthu.

Kenako chimphepo chinasasula denga.
Malata tinakawatola m'munda wa kabichi.
Ahedi anati, pitirizani pa foni.

Tsono madzulo ndimakwera chulu cha kuseri kwa nyumba,
pomwe netiweki imabwera ikafuna,
nthawi zina n'kundipatsa moni wa ku Mozambique.
Kalasi yonse yalowa m'dzanja langa,
koma ndilibe poima pakati pa mizere.
Ndiyang'ane ndani kuti aleke?
Nambala ina ndi ya amalume, ina ya shopu,
ina ya mayi wofunsa mtengo wa feteleza.
Wina waponya chithunzi cha mbuzi.
Wina pemphero loti titumize kwa anthu khumi.

Ndinaika malamulo atatu okha:
yamba ndi dzina lako,
dikira mnzako amalize,
mbuzi zikhale kukhola.
Ndinawagawa asanu asanu,
wokhala ndi foni akhale pakati ngati nyali.
Ndikaitana kaundula amabwera makumi atatu.
Enawo ndimawalembera pamapepala,
Dzinkambani n'kuwaperekera panjinga,
pakuti bando si ya aliyense.

Koma chete wa pa foni alibe nkhope.
Ndikafunsa funso, ziii.
Kaya akuganiza, kaya moto watha,
kaya bambo alanda foni yawo,
kaya ndikuphunzitsa udzudzu wokha.

Lachinayi lina, mdima utagwira,
ndikutsika pachulu, foni inanjenjemera.
Uthenga wamawu. Masekondi makumi anayi.
Kumbuyo kukumveka mapoto, galu, mwana akutsokomola,
ndi mawu onong'ona amene sindinawamvepo:

"Aphunzitsi, ndine Sekanawo.
Munafunsa kuti mneni n'chiyani.
Mneni ndi mawu osonyeza ntchito kapena mchitidwe.
Zitsanzo zanga ndi izi:
Ndimadziwa.
Ndimachita chibwibwi.
Amaseka.
Mumafulumira."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa udzu wonyowa.
Ndinaumvera kanayi.
Aneni onse anali olondola,
ndipo womalizawo unali ndi mwininkhani
amene ndimamuona pagalasi m'mawa uliwonse.

Denga analikhoma sabata yachitatu.
Tabwerera, fumbi lomwe lija, mphepo yomwe ija.
Koma tsopano ndikaponya funso
ndimagwira choko ndi manja onse awiri,
n'kuwerenga chamumtima mpaka khumi.
Mikono ya akatswiri imagwedezeka ngati mapesi,
"Ine madamu! Ine madamu!"
Ndimati, tsitsani kaye.
Zisanu ndi chimodzi. Zisanu ndi ziwiri.
Wakuseka mnzake, wadzipatsa yekha tsache.

Dzulo, ndili pa zisanu ndi zinayi,
pakona paja chigongono chinachoka padesiki,
pang'ono chabe, kutalika kwa chala.
Sindinamutchule dzina.
Ndinangoyambiranso kuwerenga.