Chala cha Mariya ku Lifidzi

Loweruka lililonse ndimachipukuta fumbi,
chithunzi chimene padiri wina anabwera nacho
m'bokosi la mabuku.
Akuti wojambula wake anafa ku Italiya
zaka mazana asanu zapitazo.

Bodza lake ndinaligwira kale.
Bala la m'nthiti silikhala chonchi,
lofiira bwino ngati phwetekere wa pamsika wa Ulongwe.
Nanga ntchentche zili kuti?
Kuno sizidikira kuti ansembe afike.

Koma dzanja la Mariya.
Chala chachikulu chalowa kunsi kwa chibwano cha mwana,
chikukankha pang'ono
kuti pakamwa pasakhale yasa.

Zimenezo munthu sapeka.
Ndinatero ine ndi Jerevaziyo
tsiku lomwe galimoto ya ku Moatize inamubweza
atamukulunga m'lona,
malasha adakali m'zikhadabo.

Mzungu iwe wakalekale,
unaima pakhomo pa yani, burashi ili m'manja,
mayi wa eni akumanga mwana nsagwada?
Unapepesa maliro,
kapena unangoyang'ana?

Kansanza kanga kamadutsa msanga pa minga,
pa misomali.
Pa chala chija ndimachedwa
mpaka asisitere atsokomole kumbuyo kwanga,
makiyi ali m'manja.