Manja a Woweruza

Ku Hexham mvula sikata,
holo yonse fungo la ubweya wonyowa ndi tiyi wozizira.
Andipatsa tebulo, cholembera,
ndi materiya khumi ndi anayi oti ndiwasiyanitse nkhomaliro isanakwane.

Maso amanama. Ndimafunsa manja.
Nditukula mlomo: mano alumana ngati sizasi.
Ndizinga chifuwa ndi zikhatho ziwiri;
zala zikapanda kukumana,
galuyo sangalowe mu una wa nkhandwe,
ngakhale pano palibe ndi mmodzi yemwe
adanunkhizako una.
Bambo anga ankayeza chonchi kuseri kwa khola la nkhosa,
agalu awo mphuno zili zipsera zokhazokha.

Mayi Elspeth Dodd apesa wawo chiyambire mbandakucha,
amuwaza choko, ndevu zili mbee,
waima nji ngati chosema.
Ndalemba: alibe chilema.
Mtima wanga uli zii.

Kumapeto kwa mzere kamtsikana, Rhona,
kakulimbana ndi chingwe, nkhope yofiira ndi manyazi.
Kagalu kake kamva khoswe kuseri kwa mabokosi:
khosi tasa, mchira njo,
thupi lonse likunjenjemera ngati ketulo yowira.
Nditakagwira, zala zanga zakumana,
ndipo pansi pake pali moto.

Riboni yofiira ndapereka komweko.
Mayi Dodd sandipatsanso moni mpaka Khirisimasi.

Masana kubwera tiagalu ta pamiyendo,
tomwe ntchito yake ndi kukondedwa basi.
Chimenecho ndichiyeza bwanji ndi zala?
Ndisambe kaye m'manja.