Pansi pa Mtengo wa Mapeyala

Anandiitana Lachiwiri ku Hatfield
mayi Nasibeko, mkazi wa malemu Kaliwo,
uja anaphikira mzungu ku Borrowdale zaka makumi atatu
n'kupatsidwa galimoto m'malo mwa penshoni.
“Akuti ndinu makaniko wa ku Gazaland wolankhula chakwathu.
Tandiuzani mtengo.”

Ndinaipeza itakhala pa njerwa zinayi,
yofiira kale, lero ngati katondo,
zitseko ziwiri, mipando iwiri, denga la lona lodyeka.
Thadzi linadumpha pa mpando wa dalaivala
n'kundiyang'ana ngati ndine mbala.

Ndinayamba monga ndimayambira, ndi chala.
M'munsi mwa chitseko munalira bwino.
Kuseri kwa tayala chala chinalowa.
Dzimbiri silinama, limangochedwa kulankhula.
Mu boneti makoswe anamanga mudzi,
mawaya anatafuna ngati nzimbe.
Koma nditaika sipanala n'kukankha ndi phewa
injini inatembenuka,
pang'ono chabe,
ngati munthu wam'tulo amene wamva dzina lake.
Nambala yake ndi ya m'buku zinagwirizana.
Mtima unati myuu,
pakuti yakufa ndi ina, yokomoka ndi inanso.

Wogula anali atafika kale, Gwatidzo,
mwini makombi onse amene ndimagona pansi pake,
thumba limene mumachokera fizi ya mwana wanga.
Anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi:
“Sekuru, nenani kuti ndi zitsulo za pa sikelo ku Mbare.
Madola mazana asanu. Zana limodzi n'lanu.”
Ndinadziwa kuti akangoipaka penti ikawoloka Limpopo,
ndipo kumeneko anthu a ndevu zoyera akailimbirana.

Ndinabwerera. Ndinatsegula kabokosi ka kutsogolo.
Munali mapulagi anayi atsopano, akadali m'pepala,
ndi kope la mwana wa sukulu lolembedwa ndi pensulo:
Harare mpaka Nyamapanda, malita akuti,
Nyamapanda mpaka Tete, malita akuti,
mlatho, chipata cha Dedza,
kenako dzina la mudzi, mizere iwiri pansi pake.
“Chaka chilichonse ankati Disembala,” anatero mayi.
“Ankaipukuta Lamlungu akachokera ku tchalitchi.”

Izo sizilowa mu mtengo, mayi.
Wogula salipira maloto a mwini wake.

Ndinalemba ndi choko pa khoma la garaja:
yoyenda bwino ingagulidwe zakuti.
Chotsani pansi powola, mawaya, mabuleki, denga.
Chotsani miyezi yodikira zipangizo zochokera kunja.
Chotsaninso zimene sindinazione,
pakuti galimoto yakale imabisa matenda
ngati mkamwini wongofika kumene.
Onjezani kuti zotere zatsala zowerengeka m'dziko muno,
kuti mawotchi a kutsogolo onse ndi ake enieni,
kuti palibe mmisiri wa manja oipa anaikhudzapo.

“Zikwi zinayi,” ndinatero mokweza, geti limve.
“Zitatu ndi theka ngati njala ikukuthamangitsani.
Kutsika pamenepo, akuberani.”

Gwatidzo anaseka kaye,
kenako ananditukwana m'Chishona chosalala bwino.
Makombi ake sindinawaonenso.

Mayi anakhala pa chitini cha penti,
n'kuwerenga ziro ndi chala pa khoma, kawiri.
“Ine ndimati mazana atatu, ndifolere kumene kukudontha.”
Anatenga kope lija, n'kulipinda m'chitenje.
Ndikulongedza masipanala anandigwira mkono:
“Nanga akanaikonza, ikanafika?”

Ndinayang'ana rediyeta, kabowo kalikonse kotsekeka ndi dothi.
Ndinakumbuka dzuwa la ku Tete, lija limasungunula phula,
ndi chitunda chokwera ku Dedza.

“Ikanafika,” ndinatero.
Tsiku lonselo
ndi pamenepa pokha ndinawonjezera mtengo.